Washington ya ku Seattle ndi Tacoma: yankho kwa mayi a ku Zomba

Mayi ena a ku Zomba andilembera imelo ndipo ndaona kuti ndiwayankhire pompano pagulu, chifukwa funso lawo alinalo ambiri. Akuti mwana wawo wamkazi wapeza ntchito ya unamwino ku Tacoma, ku Washington, iwo anakondwa kuti mwana akakhala moyandikana ndi White House koma mwanayo wawauza kuti ayi amayi, iyi ndi Washington ina. Nde akufunsa kuti malo amenewa ndi otani, nanga ndi zinthu ziti zikuluzikulu zomwe zinachitikako kale, poti akafufuza pafoni akungoona za Microsoft, Amazon ndi khofi wa Starbucks basi.

Mayi, mwana wanu akunena zoona. Ya White House ija ndi mzinda, likulu la dziko lonse, ndipo ili kum'mawa. Iyi akupitayi ndi chigawo chathunthu, chili pakona ya kumpoto chakumadzulo, kumtunda kwake kuli Canada, kumadzulo kuli nyanja ya Pacific, ndipo kuchoka ku Seattle kukafika ku likulu lija pandege ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo. Chigawochi n'chachikulu kuposa Malawi koma anthu ake ali cha m'ma 8 miliyoni, likulu lake ndi katauni kotchedwa Olympia osati Seattle ngati mmene ambiri amaganizira. Mapiri a Cascade anachidula pakati. Kumadzulo komwe kuli Seattle ndi Tacoma ndi kwa mvula yowaza miyezi yambirimbiri ndi nkhalango za mitengo italiitali, kum'mawa n'kouma, kwa tirigu ndi maapozi, moti maapozi oposa theka a dziko lonse la America amachokera kumeneko.

Tsono ine mukandifunsa mbiri ya kumeneko sindingayambire pa makompyuta. Ndiyambira pa nsomba, chifukwa nkhani zambiri zikuluzikulu za chigawochi ukazitsata bwino zimakafika kumtsinje. Nsomba yake ndi salmon. Amene mumadziwa mpasa mmene imachokera m'nyanja n'kukwera mtsinje wa Bua kukaswa, ndi khalidwe lomwelo, kungoti salmon imabadwira mumtsinje, imatsikira kunyanja ya mchere kukakula zaka zingapo, kenako imabwerera kumtsinje womwe inabadwira kukaikira mazira n'kufera komweko. Eni nthaka a kumeneko, a Nisqually, a Puyallup, a Duwamish, a Suquamish, a Yakama, a Makah, a Spokane ndi mitundu ina yambiri, moyo wawo wonse unali pa nsomba imeneyi kwa zaka masauzande, ankaiwamba, kuiyanika, kusinthanitsa ndi katundu wina, ndipo nsomba yoyamba ya chaka ankailandira ndi mwambo wake. Lero mitundu yomwe boma la America limaivomereza m'chigawochi ilipo 29.

Azungu anafika mochedwa. Mu 1792 Mngelezi George Vancouver analowa ndi zombo zake m'nyanja yomwe lero amati Puget Sound n'kumapereka mayina a anzake ku chilichonse chomwe waona, phiri lalikulu lomwe mwana wanu aziliona ali ku Tacoma analitcha Rainier, dzina la mnzake wa usilikali wa pamadzi, pomwe eni ake ankalitcha Tahoma. Chaka chomwecho Mmerika Robert Gray analowa mumtsinje waukulu n'kuupatsa dzina la chombo chake, Columbia. Mu 1805 Lewis ndi Clark, ofufuza malo otumidwa ndi boma la America, anafika kunyanja atayenda pamtunda kuchokera kum'mawa. Kenako kwa zaka zambiri Britain ndi America ankalimbirana dera lonselo, kampani ya Angelezi ya Hudson's Bay ikugula zikopa za nyama ku Fort Vancouver, mpaka mu 1846 pomwe anagwirizana zodula malire omwe alipo lerowa ndi Canada. Pokambirana zonsezi eni nthaka panalibe amene anawafunsa, ndipo nthomba, malungo ndi chikuku zomwe zinabwera ndi alendowo zinali zitapha kale anthu ambiri m'midzi.

Nkhani ya chikuku ndi yomwe inayatsa moto woyamba. Amishonale Marcus ndi Narcissa Whitman anatsegula mishoni mu 1836 pakati pa a Cayuse, pafupi ndi Walla Walla. Mu 1847 chikuku chinafika ndi ngolo za azungu osamukira kumadzulo, Marcus anali dokotala ndipo ankapereka mankhwala kwa onse, koma ana a azungu ankachira pomwe ana a Cayuse ankangofa poti matupi awo nthendayi anali asanakumane nayo, nde anthu anayamba kukhulupirira kuti dokotalayu akuwapatsa chiphe kuti malo atsale a azungu. Pa 29 November a Cayuse ena anapha Marcus, mkazi wake ndi anthu ena. Panabuka nkhondo, ndipo mu 1850 a Cayuse asanu ananyongedwa ku Oregon City. Dzina la Whitman mulisunge, tikumana nalonso.

Mu 1853 boma la America linadula dera la kumpoto kwa mtsinje wa Columbia kukhala loima palokha n'kulitcha Washington, potengera pulezidenti woyamba, ndipo linatumiza Isaac Stevens kukhala bwanamkubwa. Munthu ameneyu anali ndi maudindo atatu nthawi imodzi, bwanamkubwa, woyang'anira nkhani za eni nthaka, komanso woyeza njira yomwe njanji idzadutse, nde mutha kuona nokha kuti mtima wake unali pati. Anayamba kuthamanga mudzi ndi mudzi ndi mapepala a pangano. Pa 26 December 1854 ku Medicine Creek, pafupi ndi Olympia, a Nisqually, a Puyallup ndi anzawo anasainitsidwa kupereka malo opitirira maekala 2 miliyoni pa mtengo wa madola 32,500. Pa 22 January 1855 ku Point Elliott inali nthawi ya a Duwamish, a Suquamish ndi ena, ndipo mmodzi mwa osaina anali mfumu Si'ahl, yemwe dzina lake ndi lomwe linasanduka Seattle. Chapakati pa chaka chomwecho anakasainitsa a Yakama, a Nez Perce ndi a Cayuse ku Walla Walla. Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mmene zokambiranazo zinkayendera. Mawu a malamulo a Chingerezi ankawamasulira kaye mu Chinook Jargon, kachiyankhulo ka pamalonda ka mawu mazana ochepa chabe, kenako wina n'kumasuliranso m'chiyankhulo cha anthuwo, nkhani yake yogulitsa dziko lonse la makolo.

Koma mafumu aja sanali ogona. Malo anawaluza, koma anakakamira chinthu chimodzi ndipo chinalembedwa m'mapanganomo, choti iwo ndi ana awo apitiriza kugwira nsomba m'malo onse omwe ankagwira kuyambira kale, pamodzi ndi nzika zina za deralo. Stevens sanavute nazo, nsomba nthawi imeneyo zinali zosawerengeka, azungu ankafuna minda ndi matabwa, komanso anthu akamadzigwirira okha nsomba boma silivutika kuwadyetsa. Chiganizo chimodzi chimenechi ndi chomwe chinadzagwedeza chigawo chonse patapita zaka 120.

Mfumu Leschi wa a Nisqually anakana zomwe anapatsidwa, poti anthu ake, anthu a mumtsinje okhala ndi mahatchi, anawalozera kamalo ka miyala pamtunda kutali ndi madzi. Pepala lili ndi X pa dzina lake koma anthu ake akhala akunena kuti iye sanasaine. Nkhondo inayamba mu 1855, mu January 1856 ankhondo a eni nthaka anaukira katauni ka Seattle mpaka chombo cha nkhondo chinachita kuwombera mizinga kuchokera pamadzi. Nkhondo itatha Stevens anavomera kupatsa a Nisqually ndi a Puyallup malo abwinoko m'mbali mwa mitsinje yawo, kutanthauza kuti Leschi ankanena zoona, koma anafunabe mutu wake. Mchimwene wake Quiemuth anadzipereka yekha ndipo anaphedwa usiku ali m'ofesi ya bwanamkubwa ku Olympia, palibe amene analangidwa. Leschi anamuimba mlandu wopha msilikali pankhondo, bwalo loyamba linalephera kugwirizana, lachiwiri linamupeza wolakwa, ndipo ngakhale asilikali a boma a ku Fort Steilacoom anakana kuti anyongedwere pamalo pawo ponena kuti munthu womenya nkhondo saimbidwa mlandu wakupha. Ananyongedwa pa 19 February 1858, pafupi ndithu ndi Tacoma. Mu December 2004 bwalo lapadera lotsogozedwa ndi jaji wamkulu wa chigawochi linaunikanso mlanduwo n'kunena kuti Leschi sanayenere kuimbidwa mlandu umenewo. Mwana wanu akamaona dzina la Leschi pa masukulu ndi misewu, mwini wake ndi ameneyo.

Mfumu Seattle yemwe anawalandira bwino alendowo, mu 1865 tauni ya dzina lake inakhazikitsa lamulo loletsa eni nthaka kukhala m'tauni, kupatula ogwira ntchito kwa azungu. Iye anamwalira chaka chotsatira. Mwina munaonapo pa Facebook mawu okoma okhudza chilengedwe omwe amati anayankhula mfumu imeneyi, ambiri mwa mawu amenewo analemba ndi munthu wina wokonza filimu m'zaka za m'ma 1970, nde muziwatenga mosamala.

Popeza mwana wanu ndi wakuda, pali munthu wina yemwe ndikufuna mumudziwe, George Bush, osati pulezidenti uja ayi. Uyu anali mlimi wakuda wochita bwino wa ku Missouri yemwe ananyamuka pa ngolo mu 1844 ndi banja lake ndi anzake achizungu kupita ku Oregon, atafika anapeza kuti kwakhazikitsidwa lamulo loletsa anthu akuda kukhazikika kumeneko, wokakamira azikwapulidwa. Gulu lonselo linagwirizana zowoloka Columbia kupita kumpoto komwe lamulolo linalibe mphamvu, ndipo mu 1845 anakhazikika ku Tumwater pafupi ndi Olympia, mudzi woyamba wa Amerika m'mbali mwa Puget Sound. Bush ankadziwika pogawira tirigu ndi mbewu alendo ofika kumene opanda kanthu, ndipo malamulo atafuna kumulanda munda chifukwa cha khungu lake, anansi ake omwewo anapempha Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, mpaka mu 1855 inamupatsa umwini wa maekala 640. Mwana wake William Owen Bush anadzakhala phungu m'nyumba ya malamulo yoyamba ya chigawochi.

Matchaina sanapeze anansi otero, ndipo izi zinachitikira mu Tacoma momwemo. Anthuwa anabwera kudzamanga njanji ya Northern Pacific ndi kugwira ntchito m'macheka ndi m'migodi, ntchito itachepa azungu anayamba kunena kuti alendo akutilanda ntchito. Pa 3 November 1885 chigulu cha anthu chotsogozedwa ndi meya weniweniyo, Jacob Weisbach, chinayenda khomo ndi khomo kutulutsa Matchaina pafupifupi 200 omwe anali atatsala, anawayendetsa pamvula mpaka kusiteshoni kunja kwa tauni n'kuwakweza sitima ya ku Portland, patapita masiku nyumba zawo zinatenthedwa. Atsogoleri ake anatengeredwa kukhothi koma palibe anapezeka wolakwa. Mu February 1886 ku Seattle anayesanso zomwezo. Khonsolo ya Tacoma inadzavomereza kulakwa kumeneku mu 1993, ndipo pano m'mphepete mwa nyanja muli paki yokumbukira nkhaniyi, Chinese Reconciliation Park, mwana wanu akakhala pa ofu akafikeko.

Zaka zotsatirazo zinathamanga. Pa 6 June 1889 guluu yemwe ankamutenthetsa m'shopu ya kalipentala anayaka n'kutentha pakati pa tauni ya Seattle ponse, chaka chomwecho Ellensburg ndi Spokane zinapsanso, koma pa 11 November Washington inalandiridwa kukhala chigawo cha nambala 42 cha United States. Seattle anaimanganso ndi njerwa n'kukweza misewu, moti mpaka pano pansi pa misewu ina pali mashopu akale omwe alendo amakaona. Mu July 1897 chombo chotchedwa Portland chinafika ndi golide wochokera ku Klondike, ku Canada, anthu masauzande anakhamukira kumpoto ndipo ambiri anabwerako chimanjamanja, amene analemera ndi amalonda a ku Seattle omwe ankawagulitsa nsapato, matenti ndi chakudya cha paulendo. Amayi anayamba kuvota mu 1910, zaka 10 dziko lonse lisanalole, ndipo mu 1926 Bertha Knight Landes anakhala meya wa Seattle, mayi woyamba kutsogolera mzinda waukulu ku America. William Boeing, yemwe ndalama zake anazipeza pa matabwa, anayambitsa kampani ya ndege mu 1916. Mu February 1919 antchito pafupifupi 65,000 anachita sitalaka n'kuimitsa mzinda wonse wa Seattle kwa masiku angapo, iwo eni n'kumaphika chakudya cha anthu ndi kugawa mkaka wa ana, popanda chipolowe.

Tibwerere kumtsinje. Mu 1933, nthawi ya umphawi waukulu ku America, boma la Franklin Roosevelt linayamba kumanga damu la Grand Coulee pa Columbia, ndipo linatha mu 1942. Kunena chilungamo damuli linasintha miyoyo, linapereka ntchito kwa anthu masauzande, linathirira dera louma mpaka kukhala minda, ndipo mpaka lero ndi malo aakulu kwambiri opangira magetsi ku America konse. Koma khoma lake ndi lalitali mamita 168 ndipo sanaikepo njira yoti nsomba zikwerere, nde salmon yonse yomwe inkapita kumtunda kwa mtsinjewo mpaka ku Canada inathera pomwepo. Ku Kettle Falls, mathithi omwe mitundu yambiri inkasonkhana chaka ndi chaka kugwira nsomba, mu June 1940 anthu anachita mwambo wa masiku atatu wolira malowo madzi asanawamize, umadziwika kuti Ceremony of Tears. Midzi inamira, manda anachita kufukula. A Colville, eni nthaka a kumeneko, chipukuta misozi chenicheni anadzachilandira mu 1994, madola 53 miliyoni ndi ndalama zina chaka ndi chaka, a Spokane anadikira mpaka 2019. Mu 1957 damu lina, The Dalles, linamizanso mathithi a Celilo kumalire ndi Oregon, omwe anali msika wa nsomba wakalekale.

Magetsi a Grand Coulee anafika nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndi omwe ankasungunula aluminiyamu wa ndege za Boeing, ndi omwenso anathandiza ntchito yachinsinsi ya ku Hanford. Mu 1943 boma linasamutsa alimi a m'matauni a Hanford ndi White Bluffs pamodzi ndi eni nthaka, a Wanapum, n'kumanga mafakitale m'mbali mwa Columbia, ogwira ntchito ambiri osadziwa n'komwe chomwe akupanga. Ankapanga plutonium, ndipo ndi yomwe inali m'bomba lomwe linagwa pa Nagasaki pa 9 August 1945. Africa ilimo m'nkhaniyi, gawo lalikulu la uranium yomwe America inagwiritsa ntchito pa pulojekiti ya mabombayi inakumbidwa ndi anthu akuda mu mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, ku Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Hanford inapitiriza ntchitoyi mpaka m'ma 1980, utsi wa poizoni unkagwera m'minda ndi msipu wa ng'ombe za mkaka anthu osauzidwa, ndipo lero kuli matanki 177 pansi pa nthaka osunga zinyalala zoopsa zopitirira malita 200 miliyoni, ena akudontha, mtsinje uli pafupi. Ndi kutali ndi Tacoma, kuseri kwa mapiri, koma ntchito yoyeretsa malowo idya zaka zambiri kutsogoloku.

Nkhondo yomweyo inagweranso anthu ochokera ku Japan. Japan itaphulitsa Pearl Harbor, doko la zombo za nkhondo za America ku Hawaii, mu December 1941, Roosevelt anasaina lamulo lolola asilikali kuchotsa anthuwa m'mphepete mwa nyanja, ndipo oyamba m'dziko lonse anali a pachilumba cha Bainbridge, moyang'anana ndi Seattle. Anali alimi a sitiroberi, ambiri mwa iwo obadwira konko, nzika zenizeni, anapatsidwa masiku 6 okha ndipo pa 30 March 1942 anthu 227 anakwezedwa boti atanyamula zokwana m'manja basi. Ena a ku Seattle anawatsekera pabwalo la zionetsero ku Puyallup asanawatumize ku kampu ya Minidoka ku Idaho. Mnyamata wina wophunzira pa University of Washington, Gordon Hirabayashi, anakana kumvera n'kukadzipereka yekha kwa apolisi, khothi lalikulu linamugamula wolakwa mu 1943 ndipo dzina lake linadzayeretsedwa mu 1987. Chaka chotsatira boma linapepesa n'kupereka madola 20,000 kwa aliyense wotsala moyo.

Tsopano chiganizo chija cha mu 1854. Pofika m'ma 1950 nsomba zinali zitachepa kwambiri chifukwa cha madamu, kudula mitengo m'mbali mwa mitsinje ndi maboti akuluakulu a malonda, koma boma la chigawo linaloza chala eni nthaka, omwe ankagwira kagawo kochepetsetsa, n'kumati maukonde awo ndi osaloledwa. Billy Frank Jr. wa mtundu wa Nisqually anamangidwa koyamba mu 1945 ali ndi zaka 14 akugwira nsomba mumtsinje wa makolo ake, ndipo m'moyo wake anamangidwa maulendo opitirira 50. Bambo ake anali atagula kamalo ka maekala 6 m'mbali mwa mtsinje, Frank's Landing, malo ambiri a Nisqually atalandidwa kuti pamangidwe kampu ya asilikali ya Fort Lewis, ndipo kamalo kameneko ndi komwe kanasanduka likulu la kulimbana konseku. M'ma 1960 anayamba dala kuponya maukonde masana, atolankhani akuona, podziwa kuti alonda a boma abwera ndi zibonga kudzawalanda mabwato, amayi ndi ana akukokedwa m'matope, zonse zikuoneka pa TV. Katswiri wa mafilimu Marlon Brando anamangidwa nawo mu 1964 pamtsinje wa Puyallup. Pa 9 September 1970 apolisi anathira utsi wokhetsa misozi pamsasa wa asodzi a Puyallup mu Tacoma n'kumanga anthu ambiri, ndipo mwezi womwewo boma lalikulu la America linasumira boma la Washington m'malo mwa mitunduyo.

Mlanduwo unagwera kwa jaji George Boldt, ku Tacoma konko, munthu wachikulire yemwe palibe ankamuganizira kuti angakhale mbali ya eni nthaka. Anatenga zaka zitatu akuwerenga zolemba za nthawi ya mapangano ndi kumvetsera akuluakulu a mitundu akufotokoza zomwe agogo awo anawauza. Pa 12 February 1974 anagamula kuti mafumu aja sanapatsidwe ufulu wogwira nsomba ndi boma ayi, ufuluwo anali nawo kale ndipo anangousunga pomwe ankapereka malo, komanso kuti kugwira pamodzi ndi nzika zina kumatanthauza kugawana pakati, theka la nsomba zololedwa kugwidwa ndi la mitunduyo. Kunali mkwiyo woopsa, asodzi achizungu ankapachika zidole za jajiyo ndi kugwira nsomba mophwanya chigamulo, boma la chigawo linakana kuchitsatira kwa zaka zingapo, mpaka mu 1979 khothi lalikulu la dziko linachivomereza. Kwa ine mayi, ngati pali tsiku limodzi lofunika kulidziwa pa mbiri ya Washington ndi limeneli, kuposa tsiku lomwe kampani iliyonse inabadwa, chifukwa anthu omwe anali atatsala ochepa, osauka, omenyedwa, anagwira boma pa mawu omwe linalemba lokha ndipo anapambana kukhothi. Kuyambira pamenepo mitunduyo imayendetsa nawo nkhani za nsomba limodzi ndi boma, ili ndi akatswiri ake a sayansi ndi malo ake oswetsera nsomba. Billy Frank anatsogolera bungwe la Northwest Indian Fisheries Commission zaka zoposa 30 mpaka imfa yake mu 2014, chaka chotsatira Barack Obama anamulemekeza ndi mendulo yapamwamba kwambiri ya anthu wamba, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo ya chigawochi inavomereza kuti chiboliboli chake chikalowe m'malo mwa cha Marcus Whitman ku Capitol, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ku Washington ya White House ija.

Za phiri lophulika mwina munamvapo. Lamulungu m'mawa pa 18 May 1980 mbali yonse ya kumpoto ya phiri la St. Helens inagumuka ndipo phirilo linaphulikira cham'mbali, nkhalango zinagona pansi makilomita ambirimbiri, phulusa linadetsa kumwamba masana ku Yakima ndi Spokane, nsonga ya phiri inafupika pafupifupi mamita 400, anthu 57 anafa kuphatikizapo wasayansi David Johnston yemwe ankaliyang'anira ndi mkulu wina wa zaka 83, Harry Truman, yemwe anakana kuchoka panyumba pake. Akanafa ambiri zedi pakanapanda asayansi kukakamiza kuti derali litsekedwe milungu ingapo m'mbuyo. Rainier nalonso ndi phiri la mtundu womwewo, koma musataye tulo, limayang'aniridwa ndi makina usana ndi usiku ndipo m'matauni a m'chigwa monga Orting muli masairini, ana asukulu amaphunzitsidwa kothawira.

Makampani omwe mukuwaona pafoniwo anabwera chigawo chili pamavuto. Cha m'ma 1970 ndi 1971 Boeing inachotsa antchito oposa theka, anthu ankasamuka mpaka ena anaika chikwangwani pamsewu chopempha womaliza kutuluka mu Seattle kuti azimitse magetsi. Starbucks inatsegula kashopu kake koyamba mu 1971 pafupi ndi msika wa Pike Place, Microsoft ya Bill Gates ndi Paul Allen, anyamata a ku Seattle, inayambira ku New Mexico mu 1975 n'kubwerera kwawo mu 1979, Amazon inayambira m'galaja ku Bellevue mu 1994. Ndalama zimenezi zakweza lendi moti anamwino ndi aphunzitsi ambiri amakhala cha ku Tacoma ndi matauni a pakati, komwenso kuli anthu ambiri ochokera ku Ethiopia, Eritrea, Somalia ndi Kenya, nde mwana wanu sakasowa nkhope za ku Africa. Ndipo ngati munaimbapo Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, bungwe lomwe linachiyambitsa limodzi ndi unduna wa zaumoyo, VillageReach, likulu lake lili ku Seattle.

Nkhani ya mitsinje ikupitirirabe. Pakati pa 2011 ndi 2014 boma linagumula madamu awiri pa mtsinje wa Elwha, omwe anatseka nsomba kwa zaka pafupifupi 100, eni nthaka a kumeneko, a Lower Elwha Klallam, atalimbikira kwa nthawi yaitali, ndipo salmon inayambanso kukwera kumtunda. Mitunduyo inapitanso kukhothi ponena kuti theka la nsomba lilibe phindu ngati nsombazo zikutha, ndipo mu 2013 jaji analamula boma la chigawo kukonza makalavati mazanamazana apansi pa misewu omwe amatchinga nsomba, mu 2018 khothi lalikulu linasiya chigamulocho chili chomwecho, ntchito yake ndi ya mabiliyoni a madola ndipo mwana wanu akakumana nayo m'misewu yotsekedwa. Koma a Duwamish, mtundu wa mfumu Seattle mwini, sanapatsidwe malo awoawo, ndipo bungwe lawo boma la America silinalivomerezebe ngati mtundu woima pawokha ngakhale dzina lawo lili pa pangano la Point Elliott. Anamanga nyumba yawo ya msonkhano m'mbali mwa mtsinje wa Duwamish mu mzindamo, ndipo mu 2022 anakasumanso kukhothi.